Mutu 4: Mthenga Wopanda Miyendo

1. Foni ya bungwe

Amalawi a ku Etwatwa, ku Joni, anali ndi nambala imodzi ya foni imene aliyense ankaidziwa pamtima. Azibambo ena ankaiwala nambala za akazi awo, koma imeneyi ayi. Inali ya Bungwe la Tigwirane Manja, limene linkasonkhanitsa anthu akwathu pa matenda, pa maliro ndi pa ukwati. Foniyo ankasunga ndi a Bonaventure, mkulu wa bungwelo, bambo wa imvi amene ankalondera nyumba yosungiramo katundu ku Germiston.

Inali foni yotopa, yosweka galasi pakona, koma ntchito yake inkaposa ya ofesi. Abale a kumudzi ankajambula mawu awo n'kutumiza pamenepo. Wina afunse ngati katundu wanyamuka, wina asake mwana wake amene watchona, wina alengeze chinkhoswe. A Bonaventure ankamvetsera uthenga uliwonse mpaka kumapeto, kenako n'kufunafuna mwini wake.

Vuto linali chala. Mkuluyu ankalemba ndi chala chimodzi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, moti uthenga wa Lolemba unkafika kwa mwini wake sabata itakalamba.

Amene anatopa nazo zimenezi anali Dina, mtsikana wa Giredi 11. Dina anabadwira ku Joni konko. Bambo ake ankasamala maluwa m'nyumba za mabwana, mayi ake ankachapa ndi kusita. Chichewa chake chinali chothira mchere wa Chizulu, koma mutu wake unali wakuthwa, ndipo pa kompyuta ankaiwala ngakhale njala.

Iye ndi mnzake wa m'kalasi, Eddie, anapanga pulogalamu imene anaitcha Mthenga. Anagwiritsa ntchito nzeru za makina zija amati AI, zimene zimaphunzira chinthu ukaziwonetsa zitsanzo zambiri. Mthenga ankamvetsera mawu a Chichewa, n'kuwalemba mwachidule, n'kupeza mwini uthengawo, n'kumutumizira. Uthenga ukakhala wa ulendo, ankawonjezerapo nthawi imene basi ya kumudzi inyamuke.

Eddie anaikamo lamulo lina limene ankanyadira nalo kwambiri. Uthenga wa maliro uzidumpha mzere n'kutsogola. "Maliro sadikira," iye ankatero. Dina anavomera, poti zinkamveka zanzeru.

Loweruka kunali mpikisano wa ana asukulu ku Germiston, wokonzedwa ndi kampani ina ya makompyuta. Opambana akanapatsidwa malo aulere pa sukulu yophunzitsa kupanga mapulogalamu. Kwa mwana wa wosamala maluwa, khomo lotere silitseguka kawiri. Chimene chinatsala chinali kubwereka foni ya bungwe, kuti oweruza akaone Mthenga akugwira ntchito ndi mauthenga enieni.

2. Wothamanga nawo ndi woyenda nawo

Lachisanu ataweruka kusukulu, anawo anapeza a Bonaventure pakhonde akupukuta nsapato za kuntchito. Dina anapinda maondo popereka moni. Eddie anaiwala kuvula kapu mpaka mkuluyo atayang'ana kapuyo nthawi yaitali.

"Agogo, tabwera za foni ija," anatero Dina. "Mawa lokha basi. Madzulo tikubwezerani."

"Ndipo muona, agogo," Eddie anawonjezera. "Zimene inu mumachita sabata yonse, Mthenga amachita musanaphethire."

A Bonaventure anaseka. Anaika nsapato pansi n'kuloza benchi.

"Khalani pansi, ana inu. Foni ndikupatsani, sindine wouma mtima. Ndipo chala changa chikufunadi tchuthi. Koma muyambe mwamva.

"M'foni umu mumabwera mauthenga amitundu iwiri. Ulipo uthenga wothamanga nawo, ulipo uthenga woyenda nawo. Katundu wafika, tsiku la ukwati lasintha, wina akufuna womanga mpanda, amenewo thamangani nawo. Makina anuwo akandiposa liwiro ndiwaombera m'manja. Koma uthenga wa imfa sathamanga nawo. Umanyamulidwa ndi munthu wa miyendo, ndipo munthuyo sapita yekha.

"Bambo anga anagwira ntchito m'migodi ya kuno komwe. Ankatiuza kuti uthenga wa maliro ukafika pa komboni, sankaupereka kwa mwini wake. Ankaupereka kwa mkulu wochokera dera lomwelo. Mkuluyo ankadikira kuti munthu atuluke pansi, asambe, adye. Akatero m'pamene ankamuitanira pambali, anzake atakhala wina uku wina uku. Mukudziwa chifukwa chake? Munthu akamva kuti mayi ake apita, maondo amasungunuka, m'maso mumachita mdima, manja amaiwala chimene agwira. Pamafunika phewa pafupi.

"Inu mukumudziwa Japhet, uja amabwera kutchalitchi ndi ndodo. Mukuganiza kuti anabadwa choncho? Anali pamwamba pa makwerero ku Benoni, akupenta nyumba ya bwana wake. Foni inalira m'thumba. Potsegula anaona chithunzi cha mwana wake wamkazi, m'munsi mwake msuweni wake atalemba kuti uuse mumtendere. Msuweniyo sanali mfiti ayi. Ankangofuna kuti anthu adziwe msanga. Japhet anatsitsimukira m'chipatala chiuno chitathyoka, ndipo ku maliro a mwana wake sanapondeko. Fulumira anadya gaga, ana inu.

"Ndiye mverani. Loweruka kawirikawiri kumabwera za katundu ndi za maukwati. Koma mukamva liwu la munthu akulira, musafunse makina. Mundiimbire ine."

"Tamva, agogo," anawo anayankhira limodzi.

Kumva anamvadi, koma kunali kumva kwa mwana amene maso ake ali pa chinthu chimene wabwerera. Dina analandira foni ndi manja awiri. Atangodutsa sipaza, kagolosale ka pakona, Eddie anabwezera kapu kumutu.

"Eish, madala ndi masitori," anatero. "Ukawapempha madzi amayambira pofotokoza amene anakumba chitsime."

Dina anaseka. Panalibe amene anakumbukira lamulo lija la Eddie.

3. Liwu la Mavis

Holo ya ku Germiston inali yodzaza ndi ana a mayunifomu osiyanasiyana. Atafika, mnyamata wa kampani analumikiza laputopu ya gulu lililonse ku makompyuta a kampaniyo, akuti n'cholinga choti zonse ziyende bwino. Eddie anamangirira foni ya bungwe ku laputopu ndi kachingwe.

Nzeru yawo inali iyi. Kuyambira m'mawa anamuletsa Mthenga kutumiza chilichonse, kuti mauthenga aunjikane. Akakwera pa nsanja adzadina batani limodzi, ndipo onse adzauluka oweruza akuona. Pofika masana anali ataunjikana ndithu. Wina wa thumba la ufa, wina wa chinkhoswe cha ku Balaka, wina wa mayi wodandaula kuti mwana wake akungotumiza zithunzi osati thandizo.

Gulu limene linali patsogolo pawo likumaliza, foni inanjenjemera. Dina anaika kachomvera m'khutu kuti aone ngati Mthenga walemba bwino. Munamveka liwu la mayi, ndipo kumbuyo kwake anthu ankalira.

"A Bona, ndine Mavis, mlongo wake wa Masautso wa ku Alrode uja. Kuno zavuta. Amayi atisiya m'mawa uno. Ine sindingathe kumuuza, pakamwa pakukana. Chonde, mupite nokha, mukamukhazike pansi. Mukumudziwa mtima wake, ndi chitsirizira cha amayi. Chonde, a Bona, asamve ali yekha."

Mawuwo anathera m'kulira. Dina anayang'ana pa laputopu. Mthenga anali atamaliza kale ntchito yake, ndipo uthengawo unali pamwamba pa mauthenga onse:

"MALIRO. Kwa Masautso, Alrode. Mayi anu amwalira m'mawa uno. Basi ya ku Malawi inyamuka madzulo ano."

Pempho la Mavis panalibepo. Makinawo anaphunzitsidwa kusunga dzina, malo ndi chimene chachitika. Zotsalazo anaziona ngati mankhusu.

Dina ankawadziwa a Masautso. Ankaimba besi m'kwaya, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi kutchalitchi ankaonetsedwa chithunzi cha nyumba ya njerwa imene ankamangira mayi awo ku Ntcheu. Ankagwira ntchito pa makina odula malata mufakitale ina ku Alrode, Loweruka lomwe. Kuyambira pamene mayi awo anayamba kudwala, foni inkakhala m'thumba la pachifuwa, ndipo ikangolira dzanja linkathamangirako.

"Eddie, tawerenga," Dina ananong'ona.

Eddie anawerenga n'kugwira pakamwa. "Yoh. Ankolo aja. Shemu." Kenako analoza mzere wa basi uja. "Koma Dina, ichi ndiye tinamupangira Mthenga. Basi ikunyamuka lero. Tikadikira madala kuti asake jekete, akwere takisi ziwiri, munthuyu aphonya basi. Ukufuna akapeze mayi ake ataikidwa kale?"

"Ali pa makina, Eddie. Makina odula."

"Sitikudziwa. Mwina ali pa lanchi."

"Mwina. Chotsa uthenga umenewu wokha, enawo apite."

"Sizingatheke pano, wena. Batani ndi limodzi, ndipo a maliro amatsogola. Kuti ndisinthe ndiyenera kutsegula pulogalamu yonse." Eddie anamugwira mkono. "Tavutika chaka chonse. Ukufuna ukalowe m'malo mwa masteni kusita zovala za anthu? Dina, ndikukupempha."

Eddie sanali mwana woipa. Nayenso kwawo kunalibe wina womutsegulira khomo, ndipo za basi zija ankanena zoona.

Pamenepo wolengeza anaitana: "Gulu la Mthenga, ochokera ku Etwatwa!"

4. Pamaso pa oweruza

Anakwera pa nsanja. Mnyamata wa kampani uja anatambasula dzanja kuti alumikize laputopu ku sikirini yaikulu, kuti holo yonse ione. Dina anamutsogolera. Anazula kachingwe ka foni, n'kutseka laputopu, n'kuika foniyo m'thumba la siketi.

Eddie anatseka maso.

Mkulu wa oweruza anali mayi wa magalasi, mmodzi wa mabwana a kampaniyo. Anafunsa m'Chingelezi ngati makina awonongeka.

"Ayi, mayi, akugwira bwino ntchito," anayankha Dina. "Koma kwabwera uthenga wa maliro pompano. Tikadina batani, munthu wina amva kuti kholo lake lamwalira ali pa makina oopsa, ali yekha. Amene watumiza uthengawu wapempha kuti apite munthu wamkulu. Kwathu uthenga wotere amanyamula ndi anthu."

M'holo munamveka manong'onong'o. Mwana wina kumbuyo anaseka.

"Ndamva, ndipo pepani," anatero mayiyo. "Koma tandithandiza. Mwatiuza kuti pulogalamu yanu ndi yofulumizitsa mauthenga. Ngati uthenga wofunika kwambiri ukufuna munthu akwere takisi, ndiye makina anu ntchito yake n'chiyani?"

Dina anayankha: "Amayenera kudziwa uthenga umene si wawo, mayi. Akamva kulira azidzutsa akuluakulu msanga, osati wofedwa. Ife tinawaphunzitsa Chichewa, koma mwambo sitinawaphunzitse. Kulakwa n'kwathu."

Mayiyo analemba kenakake. Woweruza wina, bambo wa tayi yofiira, anayang'ana wotchi.

"Malamulo ndi malamulo," bamboyo anatero. "Sitingapereke mamalikisi pa chinthu chimene sitinachione chikuyenda. Mudina kapena simudina?"

Eddie anayang'ana Dina ndi maso opempha. Holo yonse inayang'ana Dina.

"Sitidina, bwana."

"Gulu lotsatira," anatero wolengeza.

Dina anatsika misozi ili chelele. Zinamupweteka, tisabise. Chaka chonse cha kugona mochedwa ndi kubwereka laputopu ya sukulu chinathera pa mawu awiri. Eddie ananyamula laputopu n'kukakhala pakona, kapu itaphimba nkhope.

Panja, Dina anapukuta m'maso n'kuimba ndi foni yake.

"Agogo, ndine Dina. Kwabwera liwu la munthu akulira."

"Usatchule dzina pamenepo ngati pali anthu," anatero a Bonaventure. "Kandidikire pa renki ya matakisi. Ndikunyamuka."

5. Ku Alrode

A Bonaventure anatsika takisi atavala jekete ya kutchalitchi. Anali ndi mayi Clara, mtsogoleri wa amayi a bungwe, atamanga chitenje pamwamba pa diresi. Mkuluyo anamvetsera liwu la Mavis foni ataikanikiza kukhutu. Kenako anamuimbira Mavis kuti amve ndi makutu ake, poti uthenga wa maliro sanyamula wa mphekesera.

"Kodi makina ako aja amati basi inyamuka liti?" anafunsa atadula foni.

Dina anawauza.

"Aha. Pamenepo ndiye atithandiza. Mayi Clara, imbirani anyamata a basi asunge mpando. Iwe Dina, tiye. Wanyamula uthengawu theka la njira, uone mmene umafikira."

Fakitaleyo inkamveka munthu asanaione. A Bonaventure anakalankhula ndi kapitawo pageti, m'Chizulu chosakaniza ndi chinenero cha kumigodi chimene anatolera kwa bambo awo. Anapempha kuti makina ayambe aimitsidwa, kenako Masautso auzidwe kuti kwabwera alendo a kutchalitchi.

Chitseko chinali chotsegula, ndipo Dina anawaona a Masautso. Ankakankhira lata pansi pa chimpeni chachitali ngati chitseko. Chimpenicho chinkatsika, lata n'kugwa mbali ziwiri, manja awo ali pafupi pomwepo. Foni inkaonekera m'thumba la ovolosi. Dina anachita mantha mpaka anagwira chitenje cha mayi Clara.

Makina anazima. Masautso anatuluka akuvula magolovesi, akumwetulira.

"A Bona! Mwasochera kodi? Kuno kulibe kwaya."

Ataona mayi Clara ndi chitenje chija, kumwetulira kunachepa. Anawatsogolera ku benchi ya kuseri, pamene antchito ankadyera. A Bonaventure anakhala kudzanja lamanja, mayi Clara kumanzere. Dina anaima chapatali pafupi ndi mpopi.

"Waswera bwanji, Masautso?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bambo?"

"Taswera. Wadya?"

"Ndadya, bambo."

"Unalankhula nawo liti a kumudzi?"

"Lachitatu. Amayi amati chifuwa chikuvutabe, koma amaseka. Amandifunsa za mawindo."

"Eya. Chifuwa chomwecho. Dzulo chinakula, ndipo Mavis anathamangira nawo kuchipatala. Madokotala anayesetsa, mwana wanga."

A Bonaventure analekezera pamenepo. Masautso anayang'ana magolovesi amene anali m'manja mwake. Mayi Clara anawatenga mwakachetechete n'kuwaika pambali.

"Bambo, nenani," anatero Masautso.

"Limba mtima. Mayi atisiya m'mawa uno."

Masautso anadzuka ngati akufuna kuthamanga, koma miyendo inakana. Akanagwera pa simenti, koma mkono wa a Bonaventure unali kale m'chiuno mwake, ndipo mayi Clara anali atagwira phewa. Anamukhazikanso pa benchi.

"Mayo ine, amayi! Nyumba ija sanagonemo! Amayi sanagonemo!"

Palibe amene anamuuza kuti asalire. Mayi Clara anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Antchito anzake, Azulu ndi Asutu, anatuluka mmodzimmodzi n'kuima chapatali, zipewa zili m'manja. Dina analira nawo. Za mpikisano anali ataziiwala.

Patapita nthawi, kulira kunatsika. Masautso anamwa madzi amene Dina anatunga pa mpopi.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa.

"Mavis anatumiza mawu pa foni ya bungwe," anatero a Bonaventure. "Lero foniyo inali ndi mwana uyu, pa mpikisano wa makompyuta. Makina ake akanakutumizira uli pa ntchito. Iye anawazimitsa, ndipo mpikisano waluza."

Masautso anamuyang'ana Dina nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa a Tahiru, eti? Bwera kuno. Ndikufuna ndimve ndekha."

Dina anagwada n'kupereka foni. Masautso anamvetsera liwu la mlongo wake mpaka pamene linathera m'kulira. Anabweza foniyo ndi manja awiri.

"Zikomo, mwana wa kwathu. Ukanadina, sindikudziwa kuti manja awa akanakhala kuti. Koma ndikupemphe chimodzi. Mawu awa uwafufute, m'foni ndi m'makina akowo. Mlongo wanga analirira a Bona. Sanalirire dziko."

"Ndifufuta, ankolo. Palibe wina amene adzawamve. Ndalonjeza."

Anafufuta pomwepo, iwo akuona.

6. Foni ya Eddie

Kapitawo anapereka chilolezo. A Bonaventure ndi mayi Clara anamuika Masautso pakati n'kuyamba kulowera ku msewu, kuti akatenge chikwama ku Etwatwa basi isananyamuke. Dina ankabwera pambuyo pamene foni yake inalira. Anali Eddie.

"Eddie, tsegula laputopu ufufute uthenga uja," Dina anayamba. "Ndalonjeza."

"Dikira kaye, Dina! Sitinaluze zonse!" Eddie ankapuma mothamanga. "Mayi wa magalasi uja wandiitana. Akuti zimene unanena zija zamukhudza. Akuti makina okhala ndi ubuntu, umunthu uja, ndi amene kampani yawo ikufuna. Malo a sukulu aja atipatsa tonse awiri!"

Dina anaima pakati pa msewu. Mtima unadumpha ndi chimwemwe.

"Zoona?"

"Sure! Pali kanthu kamodzi kokha. Lolemba ali ndi msonkhano waukulu, kukhala atolankhani. Akufuna iwe ukaime kutsogolo ufotokoze, kenako aulutse mawu a mayi uja akulira, anthu amve okha."

"Ayi. Fufuta, Eddie. Fufuta pompano."

"Ndikafufuta kuno sizithandiza." Liwu la Eddie linatsika. "Ali nawo kale. Paja anatilumikiza m'mawa? Chilichonse cholowa mu laputopu chimafikanso kwa iwo. Mayiyo wamvetsera kale."

Patsogolo, takisi inaima. A Bonaventure anatsegula chitseko. Asanakwere, Masautso anatembenuka n'kufunafuna Dina ndi maso ofiira. Atamuona, anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, monga amachitira kwa munthu wamkulu.

"Dina, uli pompo?" anatero Eddie. "Mayiyo ali pambali panga pano. Akuti ndikupatse ulankhule nawo."